Mapepala a Agogo Anakulungira Mandasi

Agogo anga aamuna sanasutepo chibadwire, koma chipinda chawo chinkanunkha fodya. Anagwira ntchito yosoka mabelo a fodya ku Kanengo zaka zambiri, ndipo fungo lija linalowerera m'jekete lawo, m'bulangete, ngakhale m'buku lawo la nyimbo. Tinkakhala nawo ku Mgona. M'mawa ankatulutsa kampando kawo n'kukhala pakhonde, akumvetsera zidebe zikugundana kumpopi ndi makondakitala akuitanira anthu kumsewu, ine ndikusesa pabwalo, utsi wa mbaula ya amayi ukutilowa m'maso tonse awiri. Sitinkalankhulana kwambiri. Ine ndinali wamanyazi, iwo anali ofatsa, ndipo tinkamvana choncho. Ndiwo anandigulira kope langa loyamba lolembamo za tsiku ndi tsiku, nandilembera dzina pachikuto.

"Mutu umadontha, Tadala," anatero. "Uzilemba."

Ndili Sitandade 6, mutu wawo unayambadi kudontha. Ankapempha tiyi atangomaliza kumwa. Tsiku lina anasochera pochokera kogula sopo.

Loweruka lina kunyumba kwathu kunkabwera azimayi a kutchalitchi kudzapemphera, ndipo amayi anandiuza kuti ndikonze paliponse. Agogo anali atapita ndi abambo kuchipatala. Pansi pa bedi lawo ndinapeza thumba la fetereza lodzaza mapepala, mphemvu zikuthawa mbali zonse. Ndinatulutsa limodzi: mizeremizere, mawu a Chingerezi, manambala a mabelo. Sindinalitembenuze. Chimenechi ndachilemba kangapo m'kope langa, kuti sindinalitembenuze.

"Zinyalala za ku Kanengo zimenezo," anatero amayi osayang'ana n'komwe. "Kapatse amake Yankho, amasowa zokulungira mandasi."

Ndinalisenza ndekha, monyadira. Amake Yankho, amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi mpopi, anandipatsa awiri otentha.

Lolemba nthawi yopuma kusukulu, Mphatso, mtsikana wolongolola wa m'kalasi mwathu, anamaliza mandasi ake n'kuyamba kuwerenga pepala lokulungira, akunjenjemeretsa mawu ngati nkhalamba kuti anzake aseke.

"Chaka chimene dzombe linamaliza mapira, amayi anatinyamula awiri, ine kumsana, mlongo wanga kutsogolo, nawoloka mtsinje madzi ali m'khosi."

Ndinasuzumira. Anali malembo opendekera aja, a bolopeni yabuluu, ofanana ndi a pachikuto cha kope langa. Ndinamulanda pepalalo, ine amene sindinalandepo munthu kanthu, n'kuthamanga osatsanzika aphunzitsi.

Ndinawapeza agogo atagwada m'chipinda mwawo, mutu uli pansi pa bedi, dzanja likupapasa simenti.

"Tadala, amayi anga ali kuti? Ndinawasunga apa."

Ndinayesa kuti mutu wawo wasokonekeratu. Kenako ndinamvetsa. Kuseri kwa mapepala otayidwa aja analemba zonse za kwawo ku Dowa, kumene ine sindinapondeko: amayi awo, mudzi wawo, nyimbo za pamtondo, ndi zoti ndani anabala ndani. Analemba ali ndi nzeru zawo zonse, podziwa kuti tsiku lina zidzawathawa.

Ndinawauza zoona, ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi.

"Mandasi?" anafunsa. Anaseka pang'ono, kenako kuseka kuja kunasanduka china. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu wamwamuna akulira, ndipo sindinadziwe koyang'ana.

Kwa amake Yankho ndinapeza thumba lija litafika pakati.

"Mayo ine! Mwana iwe, bwanji osanena? Ndagulitsa kuyambira Loweruka, a kumpira, a kumaliro, ana a sukulu!" Anapukuta manja pachitenje, n'kukaima pampopi pomwe panali mzere wa anthu. "Tamverani! Aliyense amene wadya mandasi anga, pepala libwerere! Kaya munapukutira kukamwa, libwerere!"

"Tibwezenso mandasiwo, amayi?" anafuula bambo wina.

"Ako aja unameza osatafuna, sindikuwafuna!"

Anthu anaseka, ine ndikulira. Sabata yonseyo ndikaweruka ndinkayenda m'ngalande ndi m'madzala, ndikutembenuza pepala lililonse ndi kamtengo. Ndinkagogoda m'makomo mwa anthu osawadziwa. Ena anati anayatsira mbaula. Mayi wina anangoloza kuchimbudzi.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ena anali atasunga. Abambo Kachingwe, okonza njinga pamphambano, anatulutsa mapepala anayi m'thumba la ovolosi, atawapinda bwinobwino.

"Ndakhala ndikudya mandasi kawiri patsiku kufuna kumva mmene zinathera," anatero. "Mimba yatsala pang'ono kuphulika. Wolemba ameneyu ndi wa kwathu, eti? Dambo akunenali ndinkadyetsako ng'ombe ine."

Lamlungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi, abambo Kachingwe anabwera kwathu kudzapereka mapepalawo. Analinso ndi gogo wina wogulitsa makala, Anambewe, amene mpongozi wawo anawawerengera pepala limodzi, iwo n'kuzindikira dzina la mudzi woyandikana ndi wawo. Anthu ena awiri atatu anatsatira, pamodzi ndi amake Yankho. Tinakhala nawo m'dera limodzi zaka zonsezi, tikungopatsana moni, osadziwa kuti ndife a kumodzi.

Tinayala mapepala pamphasa, ena oonekera kuseri chifukwa cha mafuta, n'kuwasanja mmene tinathera. Maso a agogo anali atafooka.

"Awerenge mwini wake wa mlandu," anatero amake Yankho, akundikankha ndi chigongono.

Ndinayamba ndi mawu a udzudzu. Anambewe anati ndikweze, iwo si mfiti yomva zonong'ona. Ndinakweza. Nditafika pa nyimbo ya pamtondo ndinangoiwerenga ngati ndime ya m'kalasi, ndipo iwo anandiimitsa, naiimba, akugunda pansi ndi chibakera. Agogo, amene m'mawa womwewo anali ataiwala kumene kuli bafa, anavomera nyimbo yonse osaphonya liwu. Abambo anga anali ataima pakhomo, pakamwa pali yasa. Nawonso anali asanaimvepo.

Kenako ndinatenga pepala lina n'kuwerenga:

"Anthu onse ankawatchula Anankhoma, potsata mfunda wawo, ndipo mwana sankafunsa dzina la amake. Ine ndinalimva kamodzi kokha, tsiku limene agogo anga anawakalipira kudimba. Anawaitana mokweza kuti"

Pepala linathera pomwepo. Ndinatembenuza, ndinapeza manambala a mabelo. Tinafufuza pamphasa ponse, m'thumba, m'matumba a abambo Kachingwe. Lotsatira lake panalibe.

Tonse tinayang'ana agogo. Anatsegula pakamwa. Anagwira pakhosi pawo.

"Dzinalo lili pompano," anatero. "Dikirani. Lili pompano."

Tinadikira mpaka nkhuku ya aneba inadutsa pamphasa, palibe woiingitsa.

"Ine ndinkawadziwa," anatero Anambewe motsitsa. "Aatali, a mphini m'masaya, oseka ndi mutu wonse. Koma dzina ayi, achimwene. Tinkangoti Anankhoma."

Agogo anakhala nafe chaka china chimodzi. Ndinkawafunsa m'mawa, chifukwa m'mawa mutu wawo unkakhalako bwino. Tsiku lina ndikusesa anandiitana mwamphamvu: "Tadala! Ndakumbukira!" Ndinaponya tsache, n'kuthamangira m'nyumba kukatenga bolopeni. Inali m'chikwama, pansi pa mabuku. Pobwera ndinawapeza akumwetulira, ndipo anandifunsa ngati tiyi wapsa.

Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Mwina kukanakhala kopepuka akanatero.

Panopa ndili Fomu 3. Anthu aja amabwerabe Lamlungu lina lililonse, ndipo akuchuluka. Ena amabwera ndi mabuku akale a Chichewa opanda zikuto, ena amangobwera ndi pakamwa pawo. Ine ndimawerenga, ndipo zimene akunena ndimalemba. Mapepala a agogo ndinawakopera onse m'kope lachikuto cholimba. Pamalo paja ndinasiya mzere wopanda kanthu. Amayi amati ndingolembapo dzina lililonse labwino, palibe angadziwe. Sindingathe.

Mwezi watha ndinapita kwa Anambewe kumene amagulitsira makala. Ndinagwada pambali pawo nthawi yaitali ndisanalimbe mtima.

"Agogo, pepani, musandione mwano. Dzina lanu lenileni ndinu ndani?"

"Iwe! Ukufuna kundilodza?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka. Anati amuna awo anamwalira asanalitchulepo, ndipo ana awo omwe salidziwa. Anayang'ana uku ndi uku ngati tikuba, n'kundikoka khutu ndi zala zawo zamakala.

Ulendo uno bolopeni inali kale m'manja.