Zipora, Amene Ankajambula Nyimbo za Maliro

Pa Nathenje amamudziwa ngati mphunzitsi wosaseka uja wa pa kasukulu kapulayiveti. Kwawo ku Mitundu Zipora ali ndi dzina lina, loti Namaliro, ndipo amene anamupatsa sankaseka.

Anabadwa chitsirizira m'banja lolima fodya. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 5, choncho anakula ndi mayi ake, a Felesiya, munthu wa mawu okoma amene ankatsogolera nyimbo pamaliro aliwonse m'mudzimo. Zipora anali wanzeru zoopsa. Atasankhidwa kupita ku yunivesite, nthungululu zinamveka mpaka kudimba.

Kumeneko ankaphunzira kuyerekeza zolemba za mitundu yosiyanasiyana ya anthu. Amalume ake, a Efulemu, atamva anakanda m'mutu.

"Ndiye ukamaliza udzakhala ndani, mwana iwe? Nesi ayi, loya ayi?"

Chaka chomaliza anasankha kuyerekeza ndakatulo zolira akufa za kumayiko akutali ndi nyimbo za maliro za kwawo. Aphunzitsi ake anaomba m'manja. Iwo zinawavuta chiyani? Sakhala kumudzi.

Patchuthi Zipora anayamba kuyenda m'maliro, foni m'mwamba, kujambula amayi akuimba. Ankayamba wapempha kwa eni maliro, komabe m'miyezi iwiri anaoneka pa zovuta zisanu ndi zinayi, zina za anthu osawadziwa n'komwe. Tsiku lina, nthawi yobwerera kusukulu itayandikira, anafunsa amayi pa mjigo kuti, "Kodi sabata ino kulibe maliro kwina kulikonse?"

Mjigo unasiya kulira. Patapita masiku atatu, mwana wa mmodzi mwa amayiwo anamwalira ndi malungo. Basi, nkhani inamera miyendo. Ena ankati amaitana imfa, ena ankati amatsekera mawu a anthu mufoni n'kukawapereka kosadziwika. Digiri anaitenga, koma kumudzi anthu anayamba kumulambalala panjira, mpaka anasamukira ku Nathenje.

Chaka chatha a Felesiya anamwalira. Zipora anafika m'mawa, nalowa m'nyumba ya siwa akulira. Nyimbo inadukira pakati. Amayi onse anangoti zii, maso pansi. Zipora anatulutsa foni, naizimitsa iwo akuona, naiponya panja. Koma nyimbo sinayambenso.

Mayi ake aang'ono, a Esitere, anamukokera kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Mwana wanga, amayiwa akuti saimba iwe uli pano."

"Amayi, awa ndi mayi anga."

"Ndikudziwa. Ndawachonderera mpaka kugwada. Koma taganiza, achemwali aimbira mudzi wonsewu zaka makumi atatu. Apite okha chete ngati mbuzi?"

Zipora anapsa mtima, ndipo ndani akanamudzudzula? Akanatha kukakamira, pakuti palibe akanamunyamula. Anayang'ana kunyumba kuja, kumene anyamata anali atafika kale ndi bokosi. Kunali chete kochititsa manyazi.

Anamanga chitenje chake, nadzera m'munda wa chimanga osatsanzika. Atangodutsa mjigo, nyimbo inayambanso kumbuyo kwake, yamphamvu, mudzi wonse ukuvomera. Anakhala pa mzere wa m'munda n'kumvetsera mpaka mawuwo anazimirira cha kumanda.

A Felesiya anaperekezedwa bwino, aliyense amatero. Mwana wawo nkhope yawo sanaione.