Matewera pa Chingwe cha Alamu

Matewera aja ndinayanika ndine.

Ndili Folomu 2, ndinkakhala ndi achimwene, kalaliki pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Akazi awo, alamu a Esinati, anali asanaonepo mwana, ndipo achibale ankanong'oneza achimwene kuti apeze mkazi wina. Kuchipatala alamuwo anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti nkhawa zimasokoneza mahomoni. Basi alamu anasiya kutuluka m'nyumba, wailesi yanga n'kuitsekera m'sutikesi. Ngakhale likhweru langa ankati likuwaphera mwana amene ankamuyembekezerayo.

Loweruka lina ndinabwereka matewera kwa mnzanga wina. Limodzi ndinachita kulichapa ndekha, nditatseka mphuno. Ndinawayanika pachingwe cha alamu iwo akugona masana. Amayi othyola tiyi pochokera kusikelo anawaona, n'kuimba nthungululu. Posakhalitsa anafika ndi ufa, nkhuni ndi sopo.

"Mwachira osatiuza, mayi? Tulutsani mlendoyo timuone."

Alamu anatuluka akutikita m'maso. Anayang'ana chingwecho nthawi yaitali.

"Kulibe mwana kuno," anatero motsitsa.

Mayi wina anafunsa ngati sopoyo abwerere naye. Ine kuseri kwa bafa ndinadziluma dzanja kuti phwete asamveke.

Sabata yonseyo alamu sanadye bwino, tulo osapeza. Mwezi utatha anataya mapiritsi m'chimbudzi, n'kulongedza katundu kubwerera kwawo ku Luchenza.

Kaya anali mahomoni, kaya ndinali ine, adokotala ndiwo angadziwe. Sutikesi anatenga, koma wailesi anandisiyira pampando, atandiikiramo mabatire atsopano. Imalira bwino zedi.