Bondwe wa Amai

Mwana wanga Yona wapopera mankhwala opha udzu m'munda wa chimanga. Fungo lake likali m'mphuno mwanga, ndipo m'mizere zonse zafota. Akuti, "Atate, khasu ni la kale." Akuuza ine, mwamuna amene khasu limanidziwa!

Nili mwana, amai popalira anali kusiya bondwe na kanunka, ndiwo zamasamba zomera zokha, pakati pa chimanga. Ine ninaganiza kuti maso awo afooka. Mwezi wa njala, amai atapita kumaliro ku Kasisi, ninatenga khasu n'kupalira kamunda konse masiku atatu. Sininasiye ngakhale tsamba limodzi.

Atabwera ninakuwa, "Amai, onani! Kupalira ni uku!"

Anayang'ana munda wonse. Kenaka anagwada n'kuyamba kutola bondwe wouma m'dothi, kuika m'chitenge.

"Wagwira nchito, mwanawanga," anatero motsitsa mawu.

Ninayenda mudzi wonse kudzitama. Masabata otsatira tinali kumwa phala lamchere, amai n'kumati alibe njala, tidye ife.

Sananimenye, sananiuze. Ninachita kumera imvi kuti nizindikire kuti ninapalira chakudya chawo.