Machesi a m'Khoma la Lufeyo

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona pasiwa. Mvula inali itagwa usiku wonse, ija ya ku Ntchisi yosadziwa kuleka. Tsiku limenelo tinkaika mng'ono wanga Lufeyo, mmisiri womanga nyumba. Ndinali nditamva kale akuluakulu akunong'onezana kuti tikachoka kumanda, nyumba yake igwetsedwe monga mwa mwambo.

Nyumba imeneyotu tinamanga awiri. Matope ake ndinaponda ine ndi mapazi angawa: dothi la pachulu, mchenga wa kudambo, laimu pang'ono. Simenti Lufeyo anakana. Ankati khoma la simenti limachita thukuta, pomwe lake limamwa chinyezi m'dzinja n'kudzachilavula m'chilimwe.

Kutacha, amayi anafuna kusonkha moto, poti wa usiku unali utazima ndi mvula. Machesi a m'matumba mwathu anali atanyowa. Tinakatenga a m'nyumba ya simenti ya mphwanga wina, mitu yake inangonyenyeka. Apo anthu akufika, a ku Malomo pa njinga, matenanti a ku esiteti wapansi, amayi ena atavala nsalu za zipani, pajatu tinali titangovota kumene. Miphika ili phee pa mafuwa.

Ndinalowa m'nyumba ya malemu, momwe amayi anachezera mothinana, kulira ndi kuimba. Kugwira khoma, louma. Ndinapisa dzanja pa kabowo ka m'khomamo pamene Lufeyo ankasunga machesi, n'kutuluka nawo. Kamtengo kamodzi kokha, moto phu. Ine mawu anga ndi aakulu chibadwire, ndinafuula kuti aliyense adzaone. Mayi wina anandikoka jekete. "Inu agogo, ndi pamaliro pano." Ngakhale adzukulu okumba manda anaseka.

Anthu atadya tinanyamuka. Njira yokwera kumanda inali yoterera, onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, nyimbo osaleka. Atandipatsa mpata woyankhula m'malo mwa banja, sindinatalikitse.

"Chakudya mwadyachi chaphikidwa ndi moto wochokera m'khoma lija. Wofuna kuligwetsa ayambe wabweza chimene wadya."

Kenako mkulu wina anati, "Musagwetse. Koma agogowa azikagonamo okha, tione."

Ankayesa ndiopa.

Madzulo anthu atabalalika ndinanyamula mphasa yanga n'kulowa. Munali fungo la utsi ndi dothi basi. Ndinayatsa koloboyi ndi machesi omwe aja, otsalawo n'kubwezera pa kabowo. Ndinatsamira khoma, mvula ikuyambiranso panja, msana wanga uli wouma, wopanda chinyezi.