Ine, Apongozi ndi Mapepala a Chigayo

Tinanyamuka ku Chiputo dzuwa lisanatenthe, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kale kuunjikana chakumpoto. Pa mota imodzi tinalipo atatu: a Kalishito, eni njinga yamotoyo, ine, ndi apongozi anga. Odziwa mwambo wathu aseka kale. Ndakhala pachikamwini zaka zambiri, koma ndinali ndisanawayang'anepo m'maso mayi a mkazi wanga. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma munthu, ngakhale ine ndili pomwepo.

Chinatikweza pamodzi ndi chigayo. Apongozi anagulitsa mbuzi zawo ndi ng'ombe imodzi n'kugula chigayo cha dizilo. Chitangoyamba kugaya, kunabwera a fishikale, oyendera malonda, n'kunena mwaulemu kuti akadzabweranso n'kupeza palibe lisensa, chilolezo cha boma chochitira malonda, adzatseka. Mvula ikagwa, njira ya ku Fingoe, kumene kuli maofesi a boma, imafa kwa miyezi. Mkazi wanga Rozita, amene akanawaperekeza, anali ndi khanda. Wodziwa Chipwitikizi wotsala pabanjapo ndinali ine.

A Kalishito anati mametikali 700 munthu mmodzi, kupita kokha. Pa mtengo sitinalimbane. Mlandu unali wa kakhalidwe pa mota. Atakanda mutu, anaika apongozi kumbuyo kwawo, kenako thumba la mtedza limene tinkapititsira achibale, kenako ine pa keliyala, miyendo ili lendelende.

Titayamba kukwera zitunda, apongozi, ponena za ine, anati, "A Kalishito, auzeni bambo a Jowana agwiritse."

A Kalishito anakuwa mopikisana ndi injini. "Akuti mukagwa sitiima, akamwini ndi ambiri!"

"Sindinatero ine!" Apongozi anawamenya kakhofi pamsana.

"Auzeni amayi kuti ndagwira," ndinatero.

"Akuti chigayo chikalemera mumugulire mota yakeyake!"

Ulendo wonse unayenda choncho. Mawu ankanyamuka kwa ine ali mwana n'kukafika kwa apongozi ali ndi ndevu.

Chakumasana tinafika pamtsinje wouma. Mota inatitimira mumchenga, tonse n'kutsika. Ine ndi a Kalishito tinakankha, apongozi ali patsogolo, nsapato kumanja. Kutsidya kunali mayi wogulitsa zitumbuwa ndi mahewu pansi pa mtengo wa msawu. Tinagula, apongozi n'kukadyera kuseri kwa mtengowo.

"Mukupita nawo kuchipatala?" anandifunsa mayiyo.

"Ayi, kukalembetsa chigayo."

"Dekalarasau, kalata ya a sekeretariyo a kumudzi, mwatenga? Mlongo wanga anaiiwala, anakwera mota kawiri."

Kuseri kwa mtengo kunamveka kukhwakhwaza kwa pulasitiki. Apongozi ankagunda pachifuwa pomwe anabisa kalatayo.

Tinalowa m'Fingoe maofesi atatseka kale. Pamsika panali piringupiringu: okumba golide ofiira ndi dothi mpaka m'nsidze, ogulitsa mabokosi a mabatire ndi mafosholo, Chinsenga uku, Chinyungwe uko. Tisanakutumule n'komwe fumbi, anthu awiri anagwira a Kalishito kuti akawatule kumigodi.

"Mawa masana pompano," anatero a Kalishito. "Mukasowa wotuma, tumani mphepo."

Tinatsala awiri, aliyense akuyang'ana kwake. Patapita kanthawi apongozi anatembenukira mtengo wa mango umene unali pafupi. "Kaya ojambula zithunzi amapezeka kuti kuno," anaufunsa.

"Ndikuona ngati ndi paja palembedwa kuti foto," ndinauyankha mtengowo.

Wojambulayo anachita fotokopiya biyete la apongozi, chitupa chawo cha unzika, kenako anawakhazika pampando n'kundipatsa nsalu yoyera kuti ndiigwire kumbuyo kwawo. Ntchito imeneyo ndinaikonda, chifukwa nsaluyo inandiphimba nkhope yonse. Tinakagona kwa msuweni wa Rozita, amene analandira mtedza ndi manja awiri.

M'mawa tinalawirira ku ofesi yoona zamalonda. Pabenchi tinapezapo kale wosoka zovala, mayi wofuna kutsegula padariya yophikira buledi, ndi mkulu wina wogulitsa zinthu mu baraka, chipewa chili pabondo. Nthawi yathu itakwana, a dona a padesiki anayala zonse patebulo: fotokopiya ya biyete, zithunzi, dekalarasau yosonyeza komwe chigayo chili. Anafunsa za NUIT, nambala ya msonkho. Tinalibe. Anatilozera pawindo lina, tinalemba fomu yopempha nambalayo, n'kubwerera.

A dona anakonza magalasi n'kuyamba kulemba. Anafunsa m'Chipwitikizi, "Dzina la mwini malonda?"

Ndinakankhira biyete patsogolo pawo.

"Lafufutika ili, sinyoro, likuoneka kuti linachapidwa pamodzi ndi nsalu. Ndiuzeni ndinu."

Dzina la apongozi ndinkalidziwa, koma linali lisanatulukepo pakamwa panga chikwatirire. Ndinang'ung'udza kanthu kosamveka.

"Mokweza, sinyoro."

Kumbuyo kwathu benchi inayamba kugwedezeka. Mkulu wa baraka uja anati, "A dona, mumupha munthuyo. Amenewo ndi apongozi ake!"

Ofesi yonse inafa ndi phwete. A dona, amene anakulira mumzinda wa Tete, anavula magalasi n'kutiyang'ana mosinthanasinthana. "Nanga mwafika bwanji kuno osalankhulana?"

"Pa mota," ndinayankha, anthu n'kusekanso.

Apongozi sanamve Chipwitikizicho, koma anaona kuti cholembera chaima. Pompo anachita chimene anali asanachitepo. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine, osati khoma, osati mtengo.

"Bambo a Jowana, tchulani. Ndinagulitsa ng'ombe ine. Manyazi tikachitira kumudzi."

Ndinayang'ana kudenga n'kunena, "Felizimina Banda."

Denga silinagwe. A dona analemba, n'kupitiriza kufunsa, ine ndikumasulira. Malonda anji? Kugaya chimanga. Malo ake? Tinatchula mudzi. Antchito angati?

"Mmodzi," anatero apongozi. "Awa."

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti ndalembedwa ntchito.

"Nanga malondawa dzina lake?"

Ndinawanong'oneza kuti tingati Tiyamike kapena Chisomo, monga amachitira ena. Apongozi anapukusa mutu. "Alembe langa lomwelo. Sukulu sindinapite, koma dzina langa likhale pakhoma anthu aziliona."

Tinalipira pawindo, a dona n'kumenya karimbo, chidindo chawo, pa resibu ya malipirowo mwamphamvu mpaka tebulo linanjenjemera. Anafotokoza kuti lisensa yeniyeni idzatuluka anthu a ofesiyo akadzabwera kudzaona malo, ngati utsi ndi phokoso sizikuvutitsa oyandikana nawo. Pakali pano resibuyo tiziionetsa kwa a fishikale, ndipo msonkho tisamauiwale. Apongozi anaipinda kamodzi kokha, n'kuilowetsa m'pulasitiki muja.

Podikira a Kalishito tinalowa m'kanyumba kodyera pamsika. Mpunga ndi nyama ya mbuzi, mametikali 120 mbale. Apongozi anakhala chondifulatira monga mwa nthawi zonse, koma ndili mkati mwakudya, dzanja linatulukira chakumbali n'kuika nthuli ya nyama m'mbale mwanga. Sindinacheuke. Ndinathokoza khoma.

A Kalishito atafika anatiyang'anitsitsa. "Mwalankhulana inu. Nkhope zikuonetsa."

"Yendetsani mota," anatero apongozi.

Pobwerera mphepo inali ikununkha mvula. Pamtsinje paja mchenga unali utanyowa pamwamba, ndipo tinawoloka mothamanga, mabingu akugunda kumapiri. Madontho oyamba anatipeza tikuona madenga a kwathu. Rozita anatuluka ndi khanda kumsana. Apongozi anatsika, anakonza chitenje, n'kuuza mwana wawo, ine ndili chiimire pambali pawo: "Uwauze amuna ako kuti ayenda bwino. Mawa alawire, kuli matumba a anthu."

Paulendowu ndinaphunzira kuti mapepala a boma si oopsa monga tinkawaganizira. Amafuna biyete looneka bwino, kalata ya kumudzi, zithunzi, NUIT ndi kuleza mtima pabenchi. Chimene sadziwa ndi chipongozi basi.

Sabata yomweyo apongozi anagula penti yabuluu, ndipo wolemba pakhoma la chigayo anali wantchito wawo mmodzi yekhayo. Ndinalemba dzina lawo m'zilembo zikuluzikulu zooneka kuchokera kumsewu. Tsopano amayi obwera ndi chimanga, makamaka odziwa bwino kuwerenga, amaima pakhomo n'kundifunsa ndi nkhope yozizira: "Akamwini, maso athu ndi ofooka. Pamenepa palembedwa chiyani?"

Ine ndimangoliza injini.