Apongozi Anga pa Mpikisano wa Tchesi

Tchesi ya ku China ndinaiphunzira kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Leicester. Mnzanga wina wochokera ku Hong Kong ankayala bolodi lake nthawi yopuma, ndipo kwa miyezi yambiri ankandikwapula ngati mwana. Masewerawa ali ndi mtsinje pakati, ali ndi magaleta, mahatchi ndi mizinga. Mzinga ndiye unandigwira mtima, chifukwa sudya chinthu pokhapokha utadumpha china.

Chaka chomwe ndinalimba mtima kulowa mpikisano ku Loughborough, apongozi anga aamuna anali atabwera kudzationa. Munthu ameneyu sanandikondepo kuyambira pachiyambi. Ankafunira mwana wawo mwamuna wamaphunziro, osati wosambitsa nkhalamba za eni. Koma m'kanyumba kathu ka ku Spinney Hill, kuzizira kutawatsekera m'nyumba, anayamba kukhala pambali panga ndikamayeserera. Iwo ndi katswiri wa bawo, ndiye sanachedwe kugwira mayendedwe ake. Tsiku lina anaseka nane mpaka kundimenya paphewa. Ndinasangalala kwambiri, sindibisa.

"Muwatenge adadi akaonere," anatero mkazi wanga m'mawa wa mpikisano, akuthamangira ku shifiti. "Akuboweka muno."

Ndinawauza m'sitima kuti kumeneko oonera sayankhula. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sizinalowe. Kwathu pa bawo woonera ndiye amasewera kwambiri kuposa amene wagwira nkhomo.

Masewero oyamba anadutsa bwino. Pomaliza ndinakumana ndi mayi wina wachikulire, wodekha moti ankachita kundiopsa. Holo yonse inali zii, kumangomveka mawotchi akudinidwa. Mayiyo anali atandidyera asilikali, njovu yanga imodzi itapita, nthawi yanga ikutha. Koma ndinali ndi msampha womwe ndinkautchera kuyambira kale. Hatchi yanga inali itawoloka mtsinje, itaima pafupi ndi mfumu ya mayiyo. Ndikanangopereka galeta wanga kuti adye, njira ikanatseguka, mzinga n'kukhala kumbuyo kwa hatchi, basi mfumu yake yafa. Ndinkawerenganso kachiwiri kuti ndisataye galeta pachabe.

Kumbuyo kwanga ndinamva mpando ukusuntha.

"Perekani galetayo, inu! Mzinga umalize!"

Mawu a apongozi anadzaza holo yonse. Mitu yonse inatembenuka. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Nzeru inali yanga, ndinaivutikira ndekha, koma tsopano inaoneka ngati yopatsidwa.

Woyang'anira mpikisano anabwera n'kuimitsa wotchi. Anandifunsa m'Chingerezi kuti bamboyo wanena chiyani. M'holo monsemo panalibe wina womva Chichewa. Ndikanati akudandaula kuzizira, palibe akanatsutsa. Koma mayi uja ankandiyang'ana m'maso, ndipo ndinanena zoona. Woyang'anirayo anati mwachilamulo akanatha kundigwetsa pomwepo. Mayiyo anakweza dzanja, nati masewera apitirire, iyenso msamphawo anali atauona mochedwa. Woyang'anira anavomera, koma anati bamboyo atuluke, ndipo popeza samva bwino Chingerezi chothamanga, ndiwauze ndine.

Ine kuuza apongozi kuti atuluke! Kwathu mkamwini ngakhale kukhala nawo mphasa imodzi amachita manyazi. Ndinayang'ana bolodi, ndinayang'ana iwo. Anali akumwetulira, akudikira kuti ndiwayamikire. Ndikanatha kungogonja, n'kuwanyamulira chikwama, tonse n'kumapita. Maganizo amenewo anandifikira ndithu. Koma galeta uja anali pomwepo, msampha uli wokonzeka, ndipo ndinkafunitsitsa kupambana.

Ndinapita n'kunjuta pafupi ndi mpando wawo, anthu onse akuona.

"Bambo, pepani. Akuti muyambe mwadikira panja."

"Akutero ndani?"

"Malamulo ake ndi otero, bambo."

"Ndiye inu mwavomera?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anatola chipewa chawo, n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa matebulo, osacheuka. Chitseko chitatsekeka, wotchi inayambanso.

Ndinapereka galeta. Mayiyo analibe kothawira, anadya. Ndinakankhira mzinga kumbuyo kwa hatchi, iye n'kundipatsa dzanja. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, ine osamva kukoma kulikonse.

Apongozi ndinawapeza panja ataima pansi pa kadenga, mvula yowaza ikuwanyowetsa nsapato. Ndinawauza kuti ndapambana, ndiponso kuti anaona bwino, njira yake inali yomweyo. Anangoti, "Chabwino." M'sitima anakakhala mpando wina, kuyang'ana pawindo mpaka ku Leicester.

Anakhala nafe mpaka nyengo yozizira itatha. Sanandikalipire, sanatchulepo za tsikulo. Kungoti kuyambira pamenepo, akafuna kundiuza kanthu, ngakhale ndili nawo patebulo limodzi, ankatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Uwauze amuna ako."