Pampu ya Mayi Zipora ndi Khadi la Achimwene Awo

Aliyense wodutsa pa Nathenje ndi basi anawaonapo Mayi Zipora, ngakhale dzina sakulidziwa. Ndi amayi aja aafupi, a mawu aakulu, amene sathamangira mawindo a basi ngati anzawo. Amangoima pa benchi lawo, tomato atamusanja milu, n'kuitana kamodzi: “Wa lero ali kuno, wadzulo ali uko!” Anthu amaseka, ena amatsika.

Anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Malingunde, kumene makolo awo ochokera ku Phalombe ankagwira utenanti. Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa nthawi yosoka fodya mwana aliyense ankafunika m'chigafa. Popeza kwawo kunalibe malo, atakwatiwa ndi a Yona anapita ku chitengwa ku Nathenje, ndipo kumeneko anapeza dimba lalitali, loyambira kumtsinje kukwera mtunda. Vuto linali madzi. Ankathirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo, koma ankangokwanitsa chakumunsi. Kumtunda kunkamera udzu.

Ine ndine Felesiya, ndimagulitsa nsapato ndi zikwama pa msika wa Mitundu. Tinadziwana mu 1997 pa mzere wa mapasipoti ku Lilongwe. Masiku amenewo matipate anali akadali atsopano, ndipo aliyense wa kabizinesi ankafuna kukaona kunja ndi maso ake. Ndinkapita ku Joni kukapikula nsapato. Iwo anandiuza kuti akukagula pampu yopopa madzi, ya injini.

“Ndalama mwasintha kale?” ndinawafunsa.

“Ndalama ili komweko,” anatero. “Ine ndinyamula chakudya.”

Achimwene awo, a Edson, anapita ku Joni kalekale kukagwira ntchito m'migodi, kenako anapeza mapepala n'kuyamba kuyendetsa galimoto ya sitolo ya mipando. Pa foni ya ku positi ofesi anawauza kuti kuli mzungu wina wogulitsa mapampu ogwirapo ntchito pamtengo wabwino, koma amafuna ndalama pamanja. Anati asavutike, iwo ali ndi khadi la ngongole la ku banki, adzatulutsa ndalama pamenepo. Mayi Zipora adzabweza akagulitsa katundu wakumudzi kwa Amalawi okhala kumeneko.

Katunduyo ndinamuona ndekha pokwera basi mu Julaye: zitenje, mpunga, mtedza, nsinjiro, mfutso wa nkhwani ndi wa chitambe, makaseti a nyimbo za kwathu, ndipo pakati pa thumba la mtedza anabisa mipani ya mbewa zouma. Basi yathu inafa titangodutsa Tete, ndipo tinagona pamsewu kudikira chitsulo china kuchokera ku Harare. Tinafika ku Joni Lachinayi, titachedwa kwambiri, miyendo itatupa.

A Edson anatilandira akuvina pa geti. Tisanamwe n'komwe tiyi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi bokosi la nsapato. Analitsegula patebulo: marandi zikwi zisanu, atsopano, onunkhira.

“Achemwali, zonsezi ndi zanu. Pampu, mapaipi, ndi china chilichonse chimene maso anu akonde. Mudzabweza tomato akapsa.”

“Pampu munati ndi zikwi ziwiri ndi theka,” anatero Mayi Zipora. “Zinazi nzachiyani?”

“Mlongo wanga abwere ulendo wonsewu n'kumawerenga makobili? Ayi.”

Akazi awo, a Martina, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, anaika kapu pansi mwamphamvu.

“Afunseni alamu, anatulutsa liti.”

“Tsiku limene munanyamuka kumudzi,” anayankha a Edson. “Mlendo apeze zonse zili m'malo. Ndikanayamba kuthamangira ku banki inu mutakhala pampando, ngati sindimadziwa kuti mukubwera?”

A Martina anatifotokozera bwinobwino. Ukagula chinthu m'sitolo ndi khadilo, banki imakudikira mpaka pepala la mwezi lifike, ndipo ukalipira zonse palibe chowonjezera. Koma ukatulutsa ndalama m'makina a pakhoma aja, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, pamwamba pa kandalama kena kamene amadula pongotulutsapo. Ndalama ija inali itagona m'bokosi sabata yathunthu, ikubala ngongole.

“Zaka zapitazo anatulutsa za maliro a malume awo,” anapitiriza. “Amalume anaikidwa, chiliza chinamangidwa, ife tikulipirabe. Tamaliza chaka chino chomwe. Ndiye mundimve alamu, sindikudana nanu. Pampu igulidwe. Koma situluka pa geti ili khadi lisanayere. Likakanika, pampuyo tiigulitsa konkuno.”

A Edson anayang'ana kudenga. Matikiti athu obwerera anali a Lachiwiri.

Mayi Zipora sanakwiye. Anatembenukira kwa ine. “Iwe Felesiya, mutu wako ndi wachangu. Patsiku ikudya zingati?”

Ndinafunsa a Martina mlingo wa chiwongoladzanja pachaka, ndinagawa m'mutu, ndipo ndinapeza pafupifupi marandi anayi patsiku. Pa mtengo wa pa Nathenje imeneyo inali milu ya tomato isanu kapena isanu ndi umodzi, tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu. Kudikira mpaka tomato apse kunali kutaya madengu.

“Ndamva,” anatero. “Ndalama imeneyi ndi tomato wothyola kale. Achimwene, munthu sathyola wogula asanafike. Amene sitikumufuna abwerere mawa m'mamawa.”

Lachisanu tinayambira ku banki, kumene theka la ndalama linabwerera m'khadi a Edson akudandaula kuti tikuwachititsa manyazi. Kenako tinakagula pampu. Inali yofiira, yokalambako, koma mzungu uja atakoka chingwe inalira kamodzi n'kulavula madzi a mu mgolo mpaka kumpanda. Mayi Zipora anaululutira m'sitolo momwemo, agalu a mzunguyo n'kuyamba kuuwa.

Kunatsala kugulitsa katundu. Ine ndinapikula nsapato zanga mwachangu n'kuwathandiza kusenza. Tinayenda m'nyumba za Amalawi Lachisanu masana ndi Loweruka lonse. Kulikonse anatilandira bwino. Ankanunkhiza mfutso, kugwiragwira zitenje, kufunsa ngati mvula inagwa bwino ku Dedza. Pofika pa ndalama mawu anali amodzi: “Mundilembe mayi, pa mwezi ndikupatsani.” Mwezi unali kutali. Mayi Zipora, amene pa Nathenje sakongoza ngakhale abusa, ankabwezera katundu m'thumba akumwetulira. Pofika madzulo tinali titagulitsa zitenje zochepa chabe.

Tikusenda mbatata, a Martina anafunsa kumene tinapita. Titatchula a Mateyu, mlonda wochokera ku Mchinji, anaseka mpaka kutaya mpeni.

“A Mateyu akuti alibe? Pa ukwati wa mwezi watha anavina marandi ali kukamwa! Anthu amenewa pakhomo pawo ndi amphawi, koma nyimbo ikalira pagulu ndalama imatuluka m'masokosi.”

Mayi Zipora anasiya kusenda. Anayang'ana lichero limene linapachikidwa pakhoma ngati chokongoletsa, kenako anasuzumira pawindo kubwalo la kuseri.

“Alamu, wayilesi yanu ija imalira kwambiri?”

A Martina anawayang'ana kanthawi. “Ya aneba imalira kuposa. Ndikabwereka.”

Lamulungu mapemphero atatha, a Martina anaimirira panja pa tchalitchi n'kulengeza kuti masana kunyumba kwawo kuli perekaniperekani yolandira mlamu wawo wochokera kumudzi, ndipo kuli nyimbo zimene sizinafike ku Joni. Anthu anadzaza bwalo mpaka ena kukhala pampanda. A Edson anavala jekete n'kukhala oyendetsa mwambo. Mayi Zipora anaima pakati atagwira lichero. Ine anandiika patebulo losinthira ndalama zazikulu kukhala zing'onozing'ono zoponya, monga zimakhalira pa ukwati.

Lamulo linali losavuta. A Edson akweza chinthu m'mwamba, nyimbo ilira, anthu avina akuponya, ndipo woponya womaliza nyimbo ikamazima ndiye mwini wake. Wozimitsa wayilesi anali a Martina, atafulatira kuti asakondere.

“Tiyambe ndi mpunga! A ku Nkhotakota muli kuti? Kapena munaiwala fungo lake, mwazolowera wa m'mapepala?”

Amayi atatu anadzuka nthawi imodzi.

“Mtedza uwu ndi wa ku Mitundu! A Kasungu, tamva kuti kwanu mumangolima fodya, ana amadya mapesi!”

“Bodza limenelo!” anakuwa bambo wina wamtali, akuvula chipewa n'kulowa m'bwalo chikwama chili m'manja.

Patebulo panga panali mzere. Anthu omwe aja a “mundilembe” ankatulutsa mapepala a marandi makumi asanu m'matumba a mkati, osandiyang'ana kumaso. Mayi Zipora ankavina pang'onopang'ono lichero lili m'manja, ndipo aliyense amene waponya koma osapata kanthu ankamuitana n'kumupatsa kapepala ka nsinjiro. “Banyira wanu uyu, musapite chimanjamanja.” Palibe amene anadandaula.

Dzuwa litapendeka, Mayi Zipora anandinong'oneza kuti ndiwauze pamene tafika. Ndinati tatsala pang'ono koma sitinakwane, ndipo zitenje zatha. Anagwedeza mutu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mipani ya mbewa ataikweza m'mwamba ngati mbendera.

Bwalo lonse linaimirira n'kukuwa. Ndi phokoso lakelo aneba anatuluka kudzaona.

Mipani yoyamba inapita msanga. Pa womaliza panatsala anthu awiri: a Mateyu, ndi a Lovemore, makaniko wa ku Diamphwe. Ankazungulirana ngati atambala, wina akaponya mnzake n'kuponya ziwiri.

“A Lovemore, kwanu mbewa mumazidziwa inu? Si mumadya mbatata za kachewere basi?”

“Inu a ku malire khalani chete, mbewa zanu zonse zinathawira ku Zambia!”

Akazi a Mateyu, a Jenifa, anaimirira manja ali m'chiuno. “Bambo a Madalo! Dzulo munati tilibe ya buledi!”

“Buledi ndimamuona tsiku lililonse, mayi. Mbewa ndinaidya komaliza chaka cha chilala!”

Nyimbo inazima dzanja la a Mateyu lili m'lichero. Analandira mpaniwo ndi manja awiri n'kuununkhiza. Kenako anachotsa mbewa imodzi n'kupatsa a Lovemore, ina n'kupatsa akazi awo, amene anailandira akunyinyirika koma anaidya yonse ndi mchira womwe.

Lolemba a Martina anapempha tsiku kuntchito n'kutiperekeza ku banki. Sanafune kuti tilipire mongoyerekeza. Anauza mtsikana wa pawindo kuti atiuze ngongole yonse mmene ilili tsiku limenelo, chiwongoladzanja ndi kodula kaja zili momwemo, kuti pasatsale kambewu komera mwezi wamawa. Tinathira zonse, marandi ang'onoang'ono opindikapindika onunkha nsinjiro, mtsikanayo akuwerenga akutiyang'ana. Khadi linayera, ndipo kunatsala yokwanira mapaipi ndi yolipirira katundu pa basi. Chimene banki inadya pa ulendo wonsewo sichinafike mtengo wa zitenje ziwiri.

Kuyambira pamenepo Mayi Zipora akapita ku Joni amayamba agulitsa, ndalama n'kuzithira m'khadi, ndipo amatulutsa kamodzi kokha, m'mawa wa tsiku logula, zokwanira chimene akugulacho. Ine ndinatengera komweko. Khadilo masiku ano limakhala m'chikwama cha a Martina, ndipo a Edson amati ndi bwino choncho, thumba lawo limapepuka.

Lachiwiri pampu inatuluka pa geti itakulungidwa m'bulangeti, a Edson ndi a Lovemore atainyamula uku ndi uku. Pa siteshoni kondakitala anaiyang'ana, anaikankha ndi phazi, n'kutchula mtengo wa katundu woti munthu n'kukhala pansi. Mayi Zipora asanatsegule pakamwa, a Martina anali atafika kale kutsogolo.

“Chotsa phazi lako pamenepo, mwana iwe. Ukudziwa anthu angati anavinira chinthu chimenechi? Tchula mtengo wa anthu.”

Anakangana mpaka dalaivala analiza hutala. Kondakitala anatsitsa ndi theka, ndipo a Martina anaimirira pomwepo kuonetsetsa kuti pampu yamangidwa choimirira, kutali ndi masutikesi a anthu. Basi itayamba kuyenda anathamanga m'mbali mwake akugogoda windo lathu.

“Alamu! Ulendo wamawa mfutso uchuluke, zitenje zichepe! Ndipo mbewa muwonjezere, a Jenifa andituma!”